Tenti, lona kapena machila: kusankha pogona pa ulendo wapansi wa masiku ambiri m'chigawo cha Tete

Munthu wonyamuka ku Ulongué chikwama chili kumsana, n'kudzera ku Furancungo mpaka kukatsikira ku Zambezi, amagona m'maiko awiri asanadutse malire alionse. Kumtunda, ku Angónia ndi ku Tsangano, dziko lili pamwamba mamita oposa 1,200, ndipo phiri la Dómuè limapitirira mamita 2,000. Mzinda wa Tete uli pansi, sufika ndi mamita 200 omwe. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse amene mwakwera, ndiye usiku wa mu Juni umene wa kuchigwa akufunda chitenje, wa kumtunda amakhala atapinda miyendo m'bulangete, kunja chisanu chikuwaula masamba m'dambo. Ikafika Okutobala zinthu zimatembenuka: kumtunda kumagoneka bwino, pamene kuchigwa masana kumapitirira madigiri 40 ndipo miyala imakhala ikutulutsabe moto mpaka pakati pa usiku.

Matenti ambiri opepuka amene amaoneka pa intaneti anapangidwira mapiri a ku Ulaya ndi ku America, kumene chovuta ndi mphepo yozizira ndi chipale. Kwathu kuno choyamba ndi udzudzu, chachiwiri kutentha. Mvula ndi yachitatu, ndipo ngakhale imagwa mwaukali, ili ndi nyengo yake, kuyambira Novembala mpaka Malichi kapena Epulo. Choncho pogona panu pafunika zinthu ziwiri zolekanitsika: neti yotsekeka mbali zonse yokhala ndi pansi pake, ndi denga losalowa madzi limene mungalisiye m'chikwama usiku umene kulibe mtambo. Mutha kuzipeza ziwirizi ngati tenti ya nsalu ziwiri, ngati lona ndi neti, kapena ngati machila omangirira pa mitengo iwiri okhala ndi neti ndi lona pamwamba. Chilichonse chimene anasokera neti ndi denga pamodzi chidzakusautsani mukangotsikira kuchigwa.

Tiyambe ndi masamu a msana, chifukwa ndi amene amadula nkhani zambiri. Oyenda maulendo otere amayesetsa kuti katundu yense asapitirire gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwa thupi. Wa makilogalamu 60 ndiye kuti anyamule 12. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndipo kuchigwa nthawi yotentha munthu woyenda tsiku lonse amamwa malita 5 kapena 6, timitsinje tambiri titaphwa kale. Tinene kuti mukuyenda ndi malita 4 kumsana. Chakudya cha masiku 4, pa magalamu 750 patsiku, ndi makilogalamu 3. Atsala 5, ndipo m'menemo muli chikwama chenichenicho, chofunda, kamphika, zovala ndi mankhwala. Pogona patsala kilogalamu imodzi kapena imodzi ndi theka pa munthu mmodzi. Matenti ozungulira aja a m'masitolo, a mapolo a fibreglass, amalemera makilogalamu 3 kapena kuposa. Ndi abwino kwa wopita ndi galimoto ku Songo kukawedza, osati kwa woyenda makilomita 20 tsiku lililonse. Ndipo musamakhulupirire nambala yolembedwa pa katoni, chifukwa kawirikawiri sawerengera zikhomo, zingwe ndi thumba lake. Tengani zonse mupite nazo pa sikelo ya ogulitsa nyemba mumsika. Ngati muli awiri, tenti ya makilogalamu 2 imagawika: wina nsalu, wina mapolo ndi zikhomo.

Neti

Udzudzu wa malungo umaluma kuyambira madzulo mpaka mbandakucha, ndipo malungo kudwalira kutali ndi chipatala masiku awiri oyenda pansi si nkhani yoseweretsa. Kumtunda udzudzu umachepa nthawi yozizira koma sutheratu. Neti ya m'nyumba, ija amagawa kuchipatala, ili ndi mabowo pafupifupi 25 pa kabwalo ka sentimita imodzi mbali zonse. Neti ya matenti ndi yothinana kuposa pamenepo. Imatsekera ngakhale tintchentche ting'onoting'ono toluma ta m'mbali mwa madzi, koma imatsekanso kamphepo, moti usiku wa mu Okutobala kusiyana kwake kumamveka pakhungu. Wa m'chigwa asankhe tenti imene mkati mwake ndi neti kuyambira pansi mpaka pamwamba, ya makomo awiri oyang'anizana kuti mpweya uzidutsa. Matenti amene mkati mwake ndi nsalu yogwirana, neti ili kachiwindo chabe pamwamba, ndi a maiko ozizira.

Chimene ambiri amalakwitsa ndi m'lifupi. Udzudzu suboola neti, umadikira chigongono kapena bondo limene latsamira netiyo n'kulumira pomwepo. Pogona munthu mmodzi pakhale masentimita 75 mpaka 90 m'lifupi ndi 210 mpaka 220 m'litali, pa awiri 120 mpaka 130 m'lifupi. Muzitha kukhala tsonga mutu osagunda, ndiye pakati pake patalike masentimita 95 kapena 100. Gonanimo musanagule, chagada ndi chammbali, muone ngati mapazi ndi chipumi sizikukhudza nsalu pamene yapendekera.

Pansi pa netiyo pasokedwe ngati beseni, m'mbali mwake mutakwera masentimita 10. Kabeseni kameneka ndi kamene kamaimitsa madzi oyenda pansi, zinkhanira za m'miyala ya kuchigwa, ndi linthumbu. Aliyense amene analowedwapo ndi linthumbu usiku amadziwa kuti neti yongopindira kunsi kwa mphasa siliimitsa. Ndiye ngati ndalama zili zochepa ndipo mukufuna kugwiritsa ntchito neti ya m'nyumba, imene imalemera pafupifupi theka la kilogalamu ndipo ili ndi mwayi woti ndi yonyikidwa kale m'mankhwala, pitani nayo kwa telala aichepetse, aisokere pansi pa nsalu yosalowa madzi, aikenso zipi wautali mbali imodzi. Ikhala yosachedwa kung'ambika ndi minga kusiyana ndi ya m'sitolo, koma singano ndi ulusi zimathetsa zimenezo. Mankhwala odzola othamangitsa udzudzu okhala ndi DEET amasungunula pulasitiki ndi utoto wa nsalu za tenti, choncho botolo lake lizikhala m'kajumbo kakekake.

Mame a m'kati

Anthu ambiri amabweza tenti kuti ikudontha pamene mvula siinagwe n'komwe. Madziwo ndi awo omwe. Munthu akagona amatulutsa chinyezi popuma ndi pakhungu, chokwana kapu kapena kuposa usiku umodzi, ndipo nthaka nayo imatulutsa chake. Chinyezi chimenechi chikakhudza nsalu yozizira chimasanduka madontho, monga zimachitikira kunsi kwa malata m'mamawa wa mu Juni. Pa tenti ya nsalu ziwiri madonthowo amakhala kunsi kwa denga n'kutsetserekera pansi kunja kwa neti, bola pakati pa ziwirizi patsale mpata wa zala zinayi kapena zisanu. Denga likakhwefuka n'kukhudza neti, madzi amalowera pomwepo. Pa tenti ya nsalu imodzi madonthowo ali pamwamba pa nkhope yanu, ndipo mphepo ikagwedeza nsaluyo mumavumbwa muli m'nyumba. Ku Angónia ndi ku Tsangano, kuyambira Meyi mpaka Julayi, usiku wopanda mitambo ndi wopanda mphepo ndiwo umanyowetsa kwambiri, makamaka m'dambo kumene mpweya wozizira umatsikira. Mankhwala ake ndi atatu: gonani pamtunda pang'ono osati m'chigwembe, siyani mpata wa chikhatho pakati pa denga ndi nthaka, ndipo musatseke timawindo ta pamwamba ngakhale kukuzizira. Kutentha kwa thupi ndi ntchito ya chofunda ndi chogonera, osati ya tenti.

Pali matenti oima okha, amene mapolo ake amapingasana n'kuimika nsalu popanda chikhomo, ndi ena amene amaima pokhapokha mutawakoka ndi zingwe, kawirikawiri pa ndodo zoyendera. Achiwiriwa amapepukirapo ndi magalamu 300 mpaka 500, koma amafuna malo 6 kapena 8 ogwira zolimba. Apa ndi pamene nthaka ya Tete imalowerera. Mu Seputembala dothi la kuchigwa limauma ngati njerwa yootcha, mapiri ozungulira Songo ndi miyala yokhayokha, pa Dómuè pali mathanthwe, ndipo m'mbali mwa mitsinje ndi mchenga umene chikhomo chimangosolokamo. Woyamba kumene maulendo otere angachite bwino ndi tenti yoima yokha. Imathekanso kuinyamula yoimikidwa kale n'kuisuntha mukapeza kuti pansi pali chitsa. Koma kuima yokha sikutanthauza kuti isamangidwe. Mphepo ya pa nyanja ya Cahora Bassa, imene imautsa mafunde ogubuduza bwato, tenti yopanda munthu mkati imaiulutsa ngati jumbo.

Pamene chikhomo chakana, njira ndi izi. Pamwala, mangani kamwala kapena kamtengo kunsonga kwa chingwe, mugoneke pansi, kenako musanjike mwala waukulu pa chingwecho kutsogolo kwa kamwalako. Chingwe chikakokedwa, kamwalako kamakakamira kumbuyo kwa waukuluwo. Pamchenga, mangani chingwe pakati pa kamtengo ka masentimita 30, mukakwirire chopingasa m'dzenje lakuya masentimita 25 kapena 30, mupondepo. Padothi louma, thirani kapu ya madzi otsukira mphika, mudikire mphindi zochepa. Zikhomo zozungulira zoonda ngati waya zimapindika tsiku loyamba. Funani za aluminiyamu za nthiti zitatu, zotalika masentimita 15 mpaka 20, ndipo tengani ziwiri zapadera. Misomali ya mainchesi 6 imalowa pamene zikhomo zakana, ngakhale imalemera. Zingwe zikhale za mamilimita 2 kapena 3, zotalika mamita 2 mpaka 3, kuti muzitha kufikira mwala kapena chitsa chili patali. Kamphira ka chubu cha njinga koikidwa pakati pa chingwe ndi nsalu kamalandira kugwedeza kwa mphepo, msoko osang'ambika.

Mapolo a fibreglass akathyoka amang'aluka m'litali, tizibano take n'kuboola nsalu ndi zala, ndipo kuthengo sakonzeka. A aluminiyamu, a mamilimita 8.5 kapena 9 kunenepa, amapindika asanathyoke, ndipo akathyoka mumavekapo kapaipi kakafupi n'kukulunga ndi tepi. Kapaipi kameneka kasamasowe m'thumba la zikhomo.

Manambala a pa nsalu

Manambala awiri ndiwo amanena zoona za nsalu. Yoyamba ili ndi chilembo D, ndipo imanena kunenepa kwa ulusi: 10D ndi 15D ndi zopyapyala zoonekera, 20D mpaka 40D ndi zapakati, 68D ndi 70D ndi zochindikala. Denga la 20D kapena 30D ndi lokwanira. Pansi ndiye pamafuna 40D kupita m'tsogolo, chifukwa tchire lathu ndi la minga ya mthethe ndi ziputu za udzu wopsa, zimene zimasongoka ngati misomali lupsa likadutsa. Yachiwiri ili m'mamilimita, ndipo imanena kutalika kwa madzi amene angaime pamwamba pa nsaluyo asanayambe kudutsa. Denga lisachepere 1,500, ndipo wa nthawi ya dzinja afune 2,000 kapena 3,000. Pansi pasachepere 3,000, chifukwa bondo likagwada pa nthaka yonyowa limafinya madzi kuposa mvula iliyonse. Nambalayi imatsika nsalu ikamakalamba.

Nsalu ya nayiloni ndi yolimba pa kulemera kwake, koma imamwa madzi pang'ono n'kutamuka. Mumaikoka bwinobwino madzulo, mvula ikagwa pakati pa usiku mupeza yagwa mphwayi, ndiye muyenera kutuluka kukakokanso zingwe. Ya poliyesita siitamuka motero, ndipo imapirira dzuwa kuposa nayiloni. Pa dzuwa la Tete chimenechi n'chachikulu: tenti yosiyidwa chiimire masana onse kwa milungu ingapo imayamba kufwifwa, kenako kung'ambika ngati pepala. Imikani dzuwa likapendeka, tsitsani m'mamawa ikangouma.

Chimene chimatseka madzi ndi utoto wopakidwa pa nsaluyo, ndipo ulipo wa mitundu iwiri. Wa PU (polyurethane, mtundu wa pulasitiki) ndi wotsika mtengo ndipo misoko yake amaimata ndi tepi ku fakitale. Vuto lake ndi loti kutentha ndi chinyezi zimauvunditsa: pakapita zaka umayamba kunanda m'manja, kununkha ngati masanzi, kenako kusupuka ngati chikanga. Tenti yotere yatha, ngakhale nsalu ikuoneka yatsopano. Wogula pa kaunjika, zija timati calamidade, aitambasule yonse, anunkhize, apitse chikhadabo pa tepi wa m'misoko aone ngati sakufumbutuka. Wa silikoni umakhalitsa ndipo umalimbitsa nsalu, koma tepi samatirira pa iwo, ndiye misoko mumaimata nokha. Sakanizani silikoni woyera womatira magalasi ndi mafuta osungunulira penti mpaka zikhale ngati uchi wamadzimadzi, imikani tentiyo, mupake ndi kaburashi m'misoko yonse ya denga cha kunja, mudikire tsiku lathunthu. Ilipo nsalu ina yotchedwa Dyneema, yopepuka zodabwitsa ndi yosatamuka, koma mtengo wake ndi wa njinga yamoto yakale ndipo imaopa kukhulika pa miyala. Kwa ambiri a ife ndi nkhani yongomva.

Kunsi kwa tenti yalani pepala la pulasitiki kapena kansalu kotetezera, kodulidwa kuti kachepe ndi masentimita 5 mbali zonse. Kakatulukira kunja kamatchera madzi a padenga n'kuwalowetsa kunsi kwanu. Chiswe chimatha kuboola chimene chayalidwa pansi usiku umodzi wokha, ndipo ndi bwino chidye pepala kusiyana ndi tenti.

Lona ndilo denga lopepuka ndi lozizira kuposa onse, ndipo kwa miyezi ya chilimwe, lona ndi neti ya kabeseni ndi zimene ambiri odziwa amathera nazo. La mamita 3 mbali zonse, la nsalu ya tenti, limalemera magalamu 500 mpaka 800 ndipo limakwana awiri ndi katundu wawo. Mmodzi akwana pa la mamita 2.4 kwa 3. Malona abuluu oyanikira chimanga amagwira ntchito, koma amalemera kawiri, amachita phokoso ndi mphepo usiku wonse, ndipo timphete take ta m'mbali timazuka. Kamphete kakazuka, kulungani kamwala kosalala m'ngodya ya lonalo, mumange chingwe m'khosi mwake. Kamangidwe kosavuta ndi ka denga la nyumba: chingwe pakati pa mitengo iwiri kapena ndodo ziwiri za nsungwi za masentimita 120 mpaka 130, lona pamwamba, ngodya zinayi pansi. Kukatentha kwezani m'mbali mpaka m'chiuno kuti mphepo idutse. Kukachita mdima wa mvula tsitsani mbali yochokera mphepo mpaka igunde pansi, msana wa denga utsike kufika masentimita 90. Kuipa kwa lona n'koti limafuna manja ozolowera. Mvula ya mabingu ya mu Disembala imabwera ndi mphepo yosinthasintha, ndipo munthu wosadziwa mfundo yotsetsereka yokokera chingwe adzaiphunzira ali chinyowere. Lilibenso chinsinsi: pafupi ndi mudzi, ana adzakuonererani mpaka mutagona, ndipo kwa amayi oyenda ulendo ichi chokha n'chokwanira kusankhira tenti.

Machila a masiku ano, omangirira pa mitengo iwiri, amachotsa mavuto onse a pansi: minga, miyala, linthumbu, madzi oyenda, malo otsetsereka. M'nkhalango za mombo za ku Macanga, Chifunde ndi Marávia, kumene mitengo ili paliponse, palibe chogona bwino kuposa amenewa nthawi yotentha. Amafuna mitengo iwiri yamoyo yotalikirana mamita 4 mpaka 5, yonenepa kuposa ntchafu. Malamba akhale a masentimita 2.5 m'lifupi kuti asadule khungwa, amangidwe pa msinkhu wa mutu, ndipo atsike mopendekera madigiri 30. Mukawakoka kuti athine ngati chingwe choyanikira zovala, mphamvu ya pa malamba imachuluka kangapo ndipo mapewa amafinyika. Mugone chopingasa pang'ono, mutu mbali ina mapazi mbali ina, msana umawongoka. Zovuta zake ndi ziwiri. Udzudzu umaluma kudzera pa nsalu imodzi imene msana waitsamira, ndiye pamafunika machila a nsalu ziwiri kapena neti yozungulira ndi kunsi komwe. Chachiwiri ndi kuzizira: chofunda chimene mwachigonera chaphwatalala, mphepo ikudutsa kunsi, ndipo kukangotsika pansi pa madigiri 20 msana umayamba kumva. Ku Tsangano mu Julayi, popanda chogonera cha thovu mkati mwake, simugona. Komanso ku Angónia malo ambiri ndi minda ya chimanga ndi mbatatesi, madambo ndi udzu, ndipo kuchigwa mudzapeza milambe yosazungulirika ndi lamba ndi zitsamba za minga, ngakhale pamene pali tsanya zimatheka. Mukaphatikiza machila, neti, lona ndi malamba, kulemera kwake kumafanana ndi tenti yopepuka.

Kathumba kogonamo kosalowa madzi kotchedwa bivy tingokadutsa. Kuchigwa ndi ng'anjo, ndipo mvula ya maola atatu simungaidikire muli m'thumba.

Ndiye kusankha kuli motere. Ulendo wa pakati pa Meyi ndi Okutobala, wodziwa kumanga: lona ndi neti. Ulendo wa dzinja, kapena wokwera mapiri oonekera ku mwera, kapena munthu woyamba: tenti ya nsalu ziwiri yoima yokha, ya neti mkati, denga lofika pafupi ndi nthaka ndi kakhonde koikapo nsapato ndi chikwama. Ulendo wa m'nkhalango za mombo nthawi yofunda: machila. Ngati ulendowo ukudutsa konseku, yezani ndi usiku woipitsitsa umene mungakumane nawo, ndipo kawirikawiri tenti ija ndiyo imapambana, chifukwa neti yake imaima payokha kuchigwa ndipo denga limabwerera kumtunda.

Pomanga msasa

Kuno kulibe tchire lopanda mwini. Mukafika pafupi ndi mudzi dzuwa lisanalowe, funsani kwa a mfumu kapena kwa mlembi wa dera. Mawu ake ndi ochepa: “Zikomo a mfumu, ndife alendo, tikuchokera ku Ulongué kupita ku Furancungo wapansi. Timati mutilozere pamene tingagone usiku uno, mawa m'mamawa tipitirira.” Chiphaso chikhale pafupi, makamaka m'madera a m'malire monga Calómuè, Zóbuè ndi Cassacatiza. Kufunsa kumeneku kumakupulumutsani ku cholakwa chimene mlendo amachita mosadziwa. Kumtunda kumene mitengo inatha, kankhalango kowirira kamene mukukaona pakati pa minda, ka mthunzi wabwino ndi mitengo yoyenera machila, kawirikawiri ndi manda, ndipo kwa Achewa kumanda ndi kudambwe. Kumanga msasa mmenemo ndi mlandu. Ku paki ya Mágoè, imene inakhazikitsidwa mu 2013 kumwera kwa Cahora Bassa, pogona amaloza ndi oyang'anira paki, ndipo kuli njovu.

Mchenga wa mtsinje wouma ndi wofewa ndi wosalala, n'chifukwa chake umakopa. Kuyambira Novembala musagonepo. Mvula imagwa kumapiri a ku Angónia kapena Macanga inu mukuona nyenyezi, madzi n'kufika usiku ndi zitsa. Yang'anani zinyalala zokodwa m'nthambi za m'mbali mwa mtsinje, zikuuzani pamene madzi amafika, ndipo mugone pamwamba pa pamenepo. M'mbali mwa Zambezi ndi nyanja ya Cahora Bassa talikirani madzi mamita 50 kapena kuposa chifukwa cha ng'ona, ndipo fufuzani njira za mvuu, zija zooneka ngati mikwasa iwiri yoyandikana yochokera m'madzi. Mvuu imatuluka usiku kukadya msipu ndipo imabwerera njira yomweyo. Kumene kuli afisi, gonani mu chotsekeka, zipi atatsekedwa mpaka kumapeto, chakudya ndi mphika zili kutali ndi mutu wanu.

Yang'ananinso kumwamba. Nthambi youma, zipatso za mvunguti zolemera makilogalamu angapo, njuchi za m'mphako ya mlambe, ndi chitedze chimene chayanga m'tchire la m'mbali. Nthawi ya mphenzi pewani msana wa phiri ndi mtengo woima wokha. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, lupsa limayenda usiku, ndipo nsalu za matenti zimasungunuka n'kumatirira pakhungu, choncho sankhani popsa kale kapena pathanthwe, osati pakati pa udzu wautali wouma. Moto wanu ukhale mamita 4 kapena 5 kumbali kumene mphepo ikupita, chifukwa kathethe kamodzi ndi bowo limodzi. Mbaula ya makala isalowe m'tenti ngakhale kuzizire bwanji. Mpweya wa makala ulibe fungo, umagonetsa munthu osadzukanso.

Chimene chimayamba kufa pa tenti kuno ndi zipi, ndipo chomupha ndi fumbi. Timchenga timadya kachitsulo koyenda kaja mpaka kamakhwefuka, mano n'kumatseguka kumbuyo kwake. Tsukani mano ndi mswachi wakale ndi madzi masiku angapo alionse. Kakakhwefuka, kafinyeni pang'onopang'ono ndi pulayala mbali zonse ziwiri, mukuyesa, chifukwa mukapitiriza kamathyoka. Mafuta kapena girisi musapake, zimangoitana fumbi lina. Mphira wa mkati mwa mapolo nayenso amatha mphamvu ndi kutentha, koma ameneyo mumangodula n'kumanganso mfundo. M'kathumba kokonzera mukhale singano, ulusi wa nayiloni, tepi wolimba wokulungidwa pa botolo la madzi, kachigamba ka neti, mapini awiri ndi chingwe chapadera cha mamita 5.

Musanapite kutali, igoneni tentiyo pabwalo pakhomo mausiku awiri. Iimikeni masana, kenako muiimikenso mumdima ndi tochi, mpaka zizitheka m'mphindi 10. Wina athire madzi ndi kheni yothirira dimba kwa mphindi 15 inu muli mkati, mukuyang'ana misoko, ngodya ndi pamene zingwe zasokeredwa. Paulendo, ngati mwaipinda yonyowa m'mamawa, itambasuleni pa nthawi ya nkhomaliro, mphindi 20 za dzuwa zikwana. Yonyowa ikakhala m'thumba masiku awiri kotentha imachita chuku, ndipo madontho akuda ndi fungo lake sizichoka. Pobwerera kunyumba iumitseni pamthunzi tsiku lonse, muisunge mosafinya m'thumba la nsalu kapena m'pilo wakale, pamalo ozizira. Kudenga kunsi kwa malata, kumene ambiri amaponya katundu wosagwiritsidwa ntchito, ndi kumene utoto wa PU umavundira msanga, ndipo makoswe amakonda neti popanga zisa.